Funso Limene Linandichotsetsa Sukulu

Abale mwa Ambuye, moni nonse. Amene anandilakwira ndi a Mwale, aphunzitsi athu a Hisitole ndili Folomu 3. Tikuphunzira za malonda a akapolo, anandiloza ndi choko kalasi yonse ikuona, n'kunena kuti, "Inu a kunyanja kuno ndinu zidzukulu za ogulitsa anthu." Ine ndinafunsa kuti adziwa bwanji za makolo anga poti sanawaonepo. Anati ndine wamwano. Mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Ndinakankha desiki, inawagwera paphazi, sukulu n'kuthera pomwepo.

Ndinayamba kukweza katundu pa lole ya ku Makanjira. Zaka zitatu ndikumanga madengu a usipa, koma funso lija osandichoka. Kodi ine ndine mdzukulu wa yani? Ndinkamenyana ndi anthu pa zinthu zosadziwika bwino, kutchalitchi ndinasiya. Tsiku lina ndili pamwamba pa katundu ndinangoti, "Ambuye, ngati sukulu yapita, bola mundiyankhe funsoli."

Dzinja lomwelo lole inatitimira m'matope titangopitirira Malindi. Mwa okwera munali mayi ena achikulire, aphunzitsi opuma, amene anakhala pansi pa mtengo akuwerenga buku la Hisitole. Ndinawafunsa funso langa mwaukali ngati ndi iwo anandilakwira. Sanakwiye. Anati, "Mwana wanga, kufunsa kuti tadziwa bwanji ndiye Hisitole yeniyeniyo. Akuluakulu akwanu unawafunsako?"

Ndinali ndisanafunsepo. Ndinapita kwa amalume ku Makanjira. Iwo sanabise, anati kholo lathu linkaperekeza akapolo ulendo wa kunyanja yamchere. Ndinapita kwa azakhali ku Malindi. Anati amayi a agogo awo anafika pamishoni ali kamtsikana, atathawa m'manja mwa ogula anthu, osadziwa ngakhale dzina la mudzi wakwawo. Kodi kholo lathu lija ndi kamtsikana kaja anakumanapo panjira? Mpaka lero ndimadzifunsa.

Mayi opuma uphunzitsi aja ankandibwereka mabuku, Loweruka lililonse n'kumandipatsa mafunso. Anandiphunzitsa kuyankha ndi mfundo, osati ndi chibakera, ngakhale tsiku lina ndinang'amba pepala atandilembera kuti ndasokoneza zaka. Ndinalembetsa mayeso a Folomu 4 ngati wophunzira wapadera. Masamu anandivuta, koma Hisitole ndinakhoza kuposa zonse, ndipo satifiketi ndili nayo. Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankhira pamatope. Inu amene sukulu inakutherani panjira, musagwe mphwayi, pempheranibe ndipo funsanibe.

Mwezi wathawu a Mwale anakwera lole yathu. Akalamba, sanandizindikire. Ndinawalandira chikwama, n'kuwauza kuti, "Aphunzitsi, ndine uja wa desiki. Pepani za phazi lija. Koma ndinakafufuza. Ndine mdzukulu wa wogulitsa, ndinenso mdzukulu wa wogulitsidwa. Inu munatiphunzitsa theka lokha."