A Zimitsani ndi Chitseko cha Labu Yachiwiri

Akubanja, akumpingo, akuluakulu akuntchito, ndi inu ophunzira mwaima kumbuyoko, mundilole ndiyankhule mawu ochepa. Ndine mphunzitsi m'gawo la maphunziro a makompyuta pa yunivesite, ndipo ndagwira ntchito ndi malemu zaka khumi ndi zinayi.

Malemu, amene tonse tinkawatchula kuti a Zimitsani, anabadwa mu 1968, achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi, kunyumba za antchito a njanji. Atamaliza sekondale anaphunzira zamagetsi, nayamba kukonza mawailesi pakhonde la sitolo. Mu 1995 anakwatira mayi akhala apawa, amene amati anangopita kukakonzetsa wailesi, koma anabwerako ndi wailesi komanso mwamuna. Kutchalitchi ankaimba besi m'kwaya, ndipo zokuzira mawu zikavuta, m'busa ankayang'ana kwa iwo.

Mu 2001 analembedwa ntchito yoyang'anira malabu athu, momwe ophunzira amaphunzirira ndi kuchita kafukufuku. Waya aliyense wa m'zipinda zimenezo anadutsa m'manja mwawo. Munthu akabwera akudandaula kuti kompyuta yauma, kaya ndi wachaka choyamba kaya ndi pulofesa, yankho linali limodzi: "Zimitsani, mupume kaye, muyatsenso." Dzina lawo linachokera pamenepo.

Chaka chatha zitseko za malabu anaziikira maloko amagetsi otsegula ndi khadi. Nthawi yomweyo mabatire osungira magetsi, amene ali m'kachipinda kuseri kwa Labu Yachiwiri, anayamba kutupa ndi kununkha ngati mazira owola. Malemu analemba makalata atatu ochenjeza akuluakulu akuntchito. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Mayi, chitseko chodalira magetsi, tsiku la moto chidzamvera ndani?" Ndinaseka. Ndikuvomera pamaso panu kuti ndinaseka.

Lachiwiri la sabata yathayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinali mu Labu Yachiwiri ndi ophunzira 38 akulemba mayeso. Magetsi anathima. Tinamva kuphulika kuseri kwa khoma, ndipo utsi wakuda unayamba kulowa kudenga. Ndinathamangira kuchitseko n'kugunditsa khadi langa paloko. Zii. Ndinagunditsanso. Mazenera ali ndi zitsulo zotchingira akuba. Ana anayamba kukuwa, kupondana, ena kuimbira makolo awo foni kuwatsanzika. Utsi unatsika mpaka sitinkaonana nkhope. Ine mphunzitsi wawo ndinangogwira chogwirira cha chitseko ndikuitana dzina la mwana wanga.

Kenaka tinamva mawu a besi aja kunja: "Gonani pansi! Pumirani m'malaya! Mayi, chokanipo pachitsekopo!" Anachimenya ndi nyundo, kuchikanula ndi chitsulo, mpaka chinathyoka. Anaima pakhomo mu utsimo akutikoka mmodzimmodzi, akuwerenga mokweza. Ophunzira anakwana 37. Anandiyang'ana nati, "Wa panjinga uja ali kuti?" Ankanena mtsikana wathu woyenda panjinga ya olumala, amene amakhala pakona, pafupi ndi khoma limene linali kuyaka. Sanadikire yankho. Analowa. Sindidziwa kuti panapita mphindi zingati. Anatuluka chokwawa, mwanayo ali kumsana. Mtsikanayo ali pano lero, wakhala pafupi ndi akwaya.

Malemu anakhala pamasitepe akutsokomola, akuti ali bwino, ambulansi iyambe yatenga ana. Pofika masana mpweya unayamba kuwathawa. Madokotala anati utsi wawotcha mapapo. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi, ambiri mwa iwo pamakina othandiza kupuma. Tsiku limene anatha kuyankhula, anafunsa mkazi wawo kuti, "Amake ana, ku Labu Yachitatu achotsa loko?" Mayiwa, pofuna kuti mtima wawo ukhale pansi, anati achotsa. Anatisiya Lachinayi m'mawa.

Akuluakulu, loko uja sanachotse. Ndinapitako dzulo, ndipo ndinalephera kudutsa pakhomo. Ku Labu Yoyamba n'chimodzimodzi, ndipo mabatire a kumeneko ndi a mtundu womwewo. Makalasi akuyambiranso Lolemba. Ndili ndi mantha, chifukwa munthu wa nyundo uja ndi amene tikumuika m'manda lero. Ine sindilowetsamo mwana wa munthu mpaka chitseko chizitseguka ndi dzanja. Ndanena pano kuti mayi amasiyewa asakhale kuti ananamiza mwamuna wawo.

Malemu asiya mkazi, ana aakazi awiri, mwana wamwamuna mmodzi, zidzukulu zitatu, mayi awo okalamba, mkulu wawo, alongo awo awiri, komanso ife 39 amene tikupuma lero.

Mulungu awalandire, ndipo apumule mu mtendere.