Keliyala ya Lennah

Lameck, mlonda wa pa geti ku Discovery Gardens mumzinda wa Dubai, anali atatsala pang'ono kupita ku tchuthi kwawo ku Tsangano, kumene chionetsero cha zaulimi chimatsekedwa ndi mpikisano wa njinga pa kapinga wa bwalo la sukulu. Choncho Lamulungu lina m'mawa, dzuwa lisanayambe nkhanza zake, anabwereka njinga ya Mpakisitani wa pa golosale n'kukaiimika pakati pa kapinga amene amasamalira Kasuba, bambo wa ku Lusaka amene chibadwire nthabwala sanakumane nayo.

"Ba Lameck, njinga yanu yaponda kapinga."

"Ndaipondetsa dala."

"Supavaiza anati pano asapondepo munthu."

"Supavaiza lero ali pa ofu. Tamverani aKasuba, ine zinthu zandithina. Kwathu wopambana mpikisano amasankha mkazi mmodzi, kumukweza pa keliyala, n'kuzungulira naye bwalo amayi akuimba nthungululu. Mkazi akangokhala pa keliyala yako, khalas, nkhani yatha, yatsala ndi ya ankhoswe."

"Manje vuto ndi chiyani?"

"Vuto ndi Godfrey. Chichokere ine, wopambana ndi iyeyo, ndipo zaka zonsezi amangokweza azakhali ake. Chaka chino walengeza pa msika kuti akweza Lennah."

"Lennah ndi azakhali ena?"

"Lennah ndi wanga!"

"Iye akudziwa?"

Lameck anayamba kukonza belu la njinga, limene silinawonongeke. Mwamuna ameneyu ankatha kubweza lole ya matayala khumi pa geti ndi chala chimodzi, koma pamaso pa Lennah lilime limamuthawa.

"Ndimamutumizira zithunzi za nyumba zitalizitali za kuno."

"Amayankha kuti chiyani?"

"Amati n'zitalizitalidi."

"Sanama."

"Zisiyeni zimenezo. Ine ndikufuna miyendo ikumbukire kapinga. Inu mukhala Godfrey."

"Ine ndine Kasuba."

"Mongoyerekeza, bambo!"

"Njinga ndilibe."

"Muzikankha makina otchetcherawo, nawonso ali ndi matayala. Paipi iyo tiigoneke uko pafupi ndi kanjedza, ukhale mzere womaliza. Tikafika pamenepo mukhalanso Lennah."

Kasuba anadziyang'ana kuyambira pa nsapato za jombo mpaka pa chifuwa, ngati akuyeza ngati anthu awiri angakwanemo.

"Onse awiri?"

"Kuno ndi kutali, timagwiritsa ntchito amene alipo. Komanso kwathu pakati pa mpikisano pamadutsa mbuzi, ndiye mukafika pa ngodya..."

"Awe, mbuzi sindikhala. Mbuzi imadya kapinga, ine andichotsa ntchito."

"Simudya zenizeni!"

"Ndiye si mbuzi."

"Chabwino, mbuzi yadwala, sibwera. Yalla, tiyeni, Godfrey, imani patsogolo apo."

Kasuba anakankha makina, n'kuima, n'kutembenuka.

"Bwanji sitiyambira pamodzi?"

"Kwathu sitiyambira pamodzi. Wamkulu wa mpikisano amayang'ana munthu aliyense, msinkhu, mimba, akatumba, n'kumupatsa poyambira. Madala ndi a mimba zazikulu amayambira patsogolo kuti nawonso alawe chiyembekezo. Akatswiri amayambira kumbuyo. Amene wayambira kumbuyo kwa onse ndiye mwamuna, ngakhale mpikisano usanayambe."

"Anapambana chaka chatha ndani?"

"Godfrey."

"Ndiye katswiri ndine." Kasuba anakoka makina chammbuyo mpaka anadutsa njinga.

"Mukupita kuti?"

"Kumalo kwanga."

"Malo amenewo ndi anga! Ine ndinkapambana Godfrey akadali kuphunzira njinga polowetsa mwendo pansi pa mpiringidzo!"

"Koma manje mimba ili ndi inu, ba Lameck."

"Iyi si mimba, ndi yunifolomu inasokedwa moipa."

"Lero simunavale yunifolomu."

Lameck anakokera mpweya m'kati, mimba n'kubwerera pang'ono, koma siinapite kutali. Mpunga wa biriyani ndi mpando wa pa geti zinali zitagwira ntchito yake mokhulupirika. Anakankha njinga chammbuyo mpaka anafika kumbuyo kwa makina.

"Ine ndiyambira pano."

Kasuba anabwereranso. "Godfrey sangalole."

"Mukumudziwa inu Godfrey?"

"Ndine amene."

"Mongoyerekeza!"

"Mongoyerekeza ndakana."

Anabwerera Lameck, anabwerera Kasuba. Anabwereranso Lameck, Kasuba naye yemweyo. Anadutsa benchi, anadutsa maluwa, mzere womaliza ukucheperachepera kutsogoloko ngati basi imene yakusiya. Mayi wina wa ku Philippines amene ankayanika zovala pa khonde la m'mwamba anasiya zovalazo n'kukaitana mnzake.

Kenaka Kasuba anaima.

"Kapinga wathera pano."

"Mwagonja?"

"Makinawa saloledwa pa simenti."

"Eyaa!" Lameck anakwera njinga n'kupalasa molowera kumbuyo kwenikweni, kudutsa poimika magalimoto, mpaka kukafika pa migolo ya zinyalala. Mawu ake ankamveka ngati a munthu wa tsidya la dambo. "Uone, Godfrey! Kumbuyo kwenikweni ndi kuno!"

"Ba Lameck, mwati chiyani?"

"Ndati lizani wezulo!"

"Wezulo aliza ndani? Godfrey kapena Lennah?"

"Aliyense!"

"Godfrey ali pa mpikisano, akaliza anthu anena kuti wabera. Lennah ali ku paipi uko, sanafike."

"Lizani inuyo Kasuba!"

"Kasuba mwamuchotsa."

"Mayo ine! Chabwino, ndiliza ndekha!" Anatulutsa wezulo wa ku ntchito n'kuliza, pyee, alonda a nyumba yoyandikana n'kusuzumira kuti aone wakuba.

Kasuba analiza makina n'kuyamba kuyenda monga amayendera masiku onse, pang'onopang'ono, mzere wowongoka, akutchetcha. Pakati panjira anaima n'kutola kachipepala ka switi. Lameck naye anabwera ngati mphepo ya mkuntho, matako m'mwamba, keliyala ikulira kwetekwete, ndipo kunena zoona pa simenti paja anali katswiri. Koma atangolowa pa kapinga, mipopi yothirira imene imadzitsegukira yokha inadzuka yonse pakamodzi. Tayala lakutsogolo linasankha njira yake, lakumbuyo yakenso, ndipo Lameck anatsetsereka chagada mpaka m'maluwa. Pamene ankachotsa masamba m'kamwa, Kasuba anali akukweza makina mosamala kuti asadule paipi.

"Ndapambana."

"Madzi aja mwatsegula ndinu!"

"Amatseguka okha. Ku Tsangano kulibe mvula?"

"Chionetsero chimachitika m'chilimwe!"

"Pepani. Koma ndapambana."

"Tiyambirenso."

"Kwanu mukagwa amayambiranso?"

Lameck analavula tsamba lotsala m'kamwa. Kwawo ukagwa amakuseka mpaka chaka chinacho.

Kasuba anazimitsa makina, anavula chipewa, anapukuta manja pa ovolosi. Anaima mbali ino ya paipi n'kulankhula motsitsa mawu kwa munthu wosaoneka. Kenaka analumphira mbali inayo, n'kupinda manja, n'kuyang'ana pansi, nsonga ya jombo ikukumba kapinga.

"Mukutani tsopano?"

"Ndikufunsa Lennah."

"Wati chiyani?"

"Wavomera."

"Wavomera?" Lameck anadzuka, madzi akuchucha m'makutu. "Msanga chonchi?"

"Godfrey walankhula bwino."

"Wanena chiyani galu ameneyo?"

"Za anthu awiri sindingaulule."

"Lennah sangavomere Godfrey! Munthu wa mano ngati khasu uja?"

"Mano wawaona. Wati munthu sakwatiwa ndi mano."

"AKasuba, izi n'zongoyerekeza, mukumva? Mubwezeni mawu ake!"

"Ngati n'zongoyerekeza, mukunjenjemera chifukwa chiyani?"

Ankanjenjemeradi, ndipo sikunali kuzizira, pakuti Dubai anali atayamba kale kuwotcha. Chimene ankachiopa usiku ndi usana chinali chitachitika pamaso pake, ngakhale kuti chinachitika m'thupi la bambo wa ndevu wovala jombo. Mtima unamuwawa zenizeni.

"Ndiloleni ndilankhule naye."

"Ndani?"

"Lennah!"

Kasuba analumphanso paipi n'kupinda manja. "Ndine pano. Fulumirani, anthu akutiona."

"Mawuwo bwanji osawachepetsako? Lennah salankhula ngati lole."

"Ndili ndi chimfine."

Lameck anatsokomola. "Lennah... kuno kuli nyumba ina yaitali kwambiri..."

"Ndinaiona. Godfrey, tiyeni."

"Dikira! Dikira kaye!" Anagwada pa kapinga wonyowa, osadziwa kuti wagwada. "Lennah, ine nyumba zimene zija sindisamala nazo. Ndimajambula chifukwa ndikatenga foni kuti ndikuuze, zala zimauma. Ine pa geti paja ndimatsegulira magalimoto a eni ake tsiku lonse, koma mutu uli ku Tsangano, pa mulu wako wa mbatatesi pamsewu paja, pamene umakalipira madalaivala ofuna kukubera ndowa. Ndinachoka osatsanzika chifukwa ndikanatsanzika sindikanakwera basi. Miyendo yatha, mimba ndi iyi, mwina Godfrey andisiya kutali. Koma usakhale pa keliyala yake. Ndikukufuna, Lennah. Ndakhala ndikukufuna kuyambira kale."

Pa khonde paja amayi awiri aja anaomba m'manja ngakhale sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Kasuba anatulutsa kansalu kopukutira makina n'kumina mwamphamvu.

"Ba Lameck, mawu amenewa mukanawatumiza m'malo mwa nyumba, mpikisano ukanakhala wa chiyani?"

"Akufunsa ndani? Lennah kapena Kasuba?"

"Tonse."

"Nanga yankho?"

Kasuba anayang'ana kumwamba, anayang'ana kanjedza, n'kuusa moyo ngati mkazi amene wadikira zaka.

"Ndavomera."

"Wavomera! Mwamva inu apo? Wavomera!" Lameck anathamangira m'maluwa, anazula njinga, anawongola mahandulo ataipana pakati pa miyendo, n'kupukuta keliyala ndi malaya ake. "Kwera, mayi. Tizungulire bwalo, dziko lonse lione."

"Koma simunapambane."

"Mwambo ukhale pansi lero. Kwera!"

"Ndine wolemera."

"Ndinkanyamula matumba awiri a mbatatesi kukwera nawo chitunda. Kwera!"

Kasuba anakhala chammbali monga amakhalira amayi, jombo ataziphatikiza, dzanja limodzi litagwira malaya a Lameck mwaulemu. Tayala lakumbuyo linadandaula n'kulowa m'kapinga. Lameck anaponda pedulo ndi mphamvu zonse za ku Ntcheu, njinga n'kuyamba kuyenda mokhotakhota, iye akuseka, misozi ikusakanikirana ndi madzi a m'mipopi.

"Lennah, uli bwino kumbuyoko?"

"Ndili bwino."

"Godfrey aone! Ali kuti Godfrey? Ndikufuna ndione nkhope yake!"

"Musatembenuke, ba Lameck, mungatigwetse," anatero Kasuba akugwiritsa malaya. "Pamene ndakwera ine, nayenso wakwera."