Nyerere Zinkamutsata Yamikani

Masiku amenewo ndili ku pulayimale ku Bembeke, iwe Tadala usaseke, kwa ine ndi kale ndithu, ndipo ika foniyo pansi ndisanakulande, tinkafika kusukulu chifunga chitakuta phiri lonse, ndipo aphunzitsi ankatithamangitsa kuzungulira bwalo tisanamwe phala. Ana inu lero mumati mwatopa chonsecho mwakwera kabaza, koma ife tinkathamanga osaonana, kumangomva mapazi a mnzako m'chifungamo.

Panali mnzathu Yamikani, mayi ake anali ndi golosale, wonenepa moti yunifolomu ankachita kumusokera yakeyake. Mayiwo anabwera kudzakalipira aphunzitsi. "Mwana wanga musamuthamangitse, mukufuna aonde anthu aziti ndimamumana? Phala lanulo ndi la amphawi." Basi iye ankangokhala pansi pa mtengo wa paini, m'manja zigege, mandasi ndi botolo la zotsekemera, ndipo ife podutsa sitinkamuona, tinkangomva kupuma kwake, fyoo, fyoo, ngati kumbuyo kwake kwaima munthu wina.

Ndiye kunabwera nyerere. Kuseri kwa kalasi, komwe anyamata tinkakodza pothawa fungo la kuchimbudzi, pamalo pa Yamikani pokha ndi pomwe pankada bii ndi nyerere, pathu osayandikira. Akasintha malo, nazonso zinkasamuka. "Aise, zikukudziwatu izi," tinkamuseka, koma kenako tinasiya kuseka, chifukwa ankakakamira pamjigo kumwa madzi ludzu osatha, ndipo pabolodi ankati akungoona mbuu. Mayi ake anati amulodza ochitira nsanje golosale, anapita naye kwa sing'anga komwe anamutema mphini thupi lonse, koma mabalawo osapola, ndipo nyerere zinafika mpaka pabedi pake.

Tsiku lomwe anagwa pamzere wa asembule, achipatala anati ndi shuga, ndipo wafika kale patali. Mayi aja anangokhala pansi pakhonde la chipatala. "Ine ndimayesa ndikumukonda."

Yamikani ali moyo, mumamuona akugulitsa m'golosale muja, koma amadzibaya jakisoni tsiku ndi tsiku, ndipo diso limodzi linafa.

Sindikukuopsezani, ana inu. Idyani zomwe akupatsani kusukulu, sewerani mpaka thukuta lituluke, ndipo akakutumani sopo kwa Yamikani, mupatseni moni bwinobwino. Osamuyang'anitsitsa disolo.