Nyumba ya pa Mpingu Imene Ndinkaopa Kugonekamo Mwana

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kulikonse kumene mawu awa akupezani. Ine ndine mlimi wa kwa Dambe, m'boma la Mchinji, ndipo kwathu amanditchula kuti amake Takondwa. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda a mwana wangayo, ndi za mantha amene ndinakhala nawo pamene matendawo anatikakamiza kufuna nyumba ina pafupi ndi Lilongwe, ife tili anthu a kumunda osadziwa za m'tauni.

Takondwa anabadwa matipate atangoyamba, nthawi imene alimi ang'onoang'ono tinali titaloledwa kulima fodya wa bale. Ine ndi bambo ake tinkalimbikira, mpaka tinamanga nyumba ya malata ndi kugula ng'ombe za ngolo. Koma mwanayu ali wokwawa anayamba kutupa tizala ta m'manja ndi m'mapazi. Ankalira osatonthola, ukamukhudza ngati wamuwotcha ndi moto. Ena ankati ndi tsempho, ena ankati alipo amene wachita kaduka ndi malata athu. Tinayenda naye uku ndi uku mpaka anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko adokotala anatiuza kuti ndi matenda a m'magazi obadwa nawo, otchedwa sikoselo. Anati sachizika, koma mwana atha kukula ngati tikufika naye msanga nthawi iliyonse imene wadwala.

Kwa munthu wa kwathu, kufika msanga inali nkhani yovuta. Pochoka pakhomo tinkakwera ngolo, n'kuwoloka kamtsinje pa mlatho wa mitengo, kenaka n'kukaima pamsewu kudikira matola opita kwa Kamwendo. Kumeneko ndiye tinkapeza minibasi ya ku Lilongwe, nayonso yodikira kuti idzaze. Takondwa atayamba sukulu anagwidwa malungo amene anamumaliza magazi. Tinakhala naye m'mbali mwa msewu dzuwa lili paliwombo, galimoto osaoneka, zikhatho zake zitayera ngati ufa. Ndinali nditaika dzanja pachifuwa pake kuti ndizimva ngati akupumabe, ndipo ndinkaopa kulichotsa ngakhale kuti ndipukute thukuta. Tinafika kuchipatala mwana asakutsegula maso. Bambo ake anapereka magazi, iye n'kutsitsimuka, koma adokotala anandiitanira pambali.

"Mayi, lero mwapulumuka," anatero. "Ulendo wina wautali chonchi, sindingakulonjezeni kanthu."

Kusamuka tonse sikukanatheka, pakuti munda ndi umene unkatidyetsa, ndiponso ana ena awiri anali pasukulu kumudzi. Tinagwirizana kuti bambo akhale kwa Dambe ndi anawo, ine ndi Takondwa tipeze kanyumba kufupi ndi mzinda. Chaka chimenecho fodya anayenda bwino kumsika, ndipo tinagulitsako ng'ombe zina. Chotsala chinali kusankha malo, ndipo apa ndi pamene mutu wanga unaima.

M'kati mwa tauni mitengo yake sitikanaikwanitsa, komanso masiku amenewo nkhani za mbava za mfuti zinali pakamwa pa aliyense. Tinayesako kamodzi kumalekezero a mzinda. Dobadoba wina anationetsa nyumba yooneka bwino, koma tili m'kati moyendera zipinda panatulukira bambo wina ali ndi chikwanje, akunena kuti nyumbayo anagula kale iye. Tinachokapo chothawa. Bambo a Takondwa anayamba kukonda ku Namitete, poti n'kufupi ndi kwathu ndipo chipatala cha mishoni chilipo, koma ine ndinkaona kuti adokotala odziwa bwino mwanayu ali kutalibe. Achimwene anga a Lingisoni, amene ndi eni mbumba kwathu, ankati tipite ku Lumbadzi kuti bambo azigona pafupi akabwera ndi fodya kumsika. Ine ndinkaganiza za ku Likuni, koma kumeneko sitinkadziwako munthu ndi mmodzi yemwe. Dzina lililonse la malo limene linkatchulidwa, ine ndinkangoona mwana wanga akufera m'manja mwanga pakati pa anthu achilendo. Ndinasiya kudya bwino. Masana anthu akapita kumunda ndinkalowa m'chigafa, n'kugwada pansi pa fodya wopachika, n'kumauza Mulungu kuti nzeru zandithera, asankhe yekha, chifukwa ndikasankha molakwa ine ndidzakhala nditapha mwana wanga.

Yankho linandipeza pa benchi ya kuchipatala, tsiku limene ndinapita ndi Takondwa kukaonedwa monga mwa nthawi zonse. Pambali panga panakhala mayi wachikulire wa duku lakuda, wopanda mwana aliyense. Anayang'ana maso achikasu a Takondwa, n'kutchula matendawo ndi dzina ine ndisananene kanthu. Anati iwo ndi a Nyagondwe, kwawo ndi ku Rumphi, anali mphunzitsi, ndipo amuna awo anamwalira kale. Mwana wawo wamwamuna, Lusungu, anali ndi matenda omwewa, ndipo anali atamwalira nyengo yozizira yapitayo. Tsikulo anabwera kudzatsanzika anamwino, poti ankafuna kubwerera kwawo. Nditawafotokozera vuto langa anandiuza kuti iwonso anagula nyumba pa Mpingu pa chifukwa chomwecho, ndipo tsopano akufuna munthu woti aigule.

Tinapita kukaiona pamodzi ndi bambo a Takondwa ndi achimwene. Kunena zoona, malowo anali ndi zonse zimene tinkafuna. Mpingu ali pa msewu womwewo wa ku Mchinji, moti bambo akanamatsika pomwepo osalowa m'tauni. Minibasi zopita ku Lilongwe zinkadutsa pafupipafupi, mjigo ndi sukulu zinali pafupi, ndipo kuseri kunali kamunda koti n'kudzalamo ndiwo. Nyumbayo inali ya njerwa zowotcha, yaing'ono koma yolimba. A Nyagondwe anationetsa chipinda cha Lusungu, chimene anachiyala mphasa kudenga kuti chizifunda, poti kuzizira kumadzutsa ululu wa m'mafupa. Ine ndinaima pakhomo pa chipindacho, mapazi n'kukana kulowa.

Tili panjira yobwerera, achimwene anayankhula zimene zinali kale mumtima mwanga.

"Nyumba yadya mwana mmodzi, inu mukufuna mukaipatse wachiwiri?"

Nkhani itafika kumudzi, anthu anati kugula nyumba yotero ndi malodza, ndipo ena anafika pondifunsa ngati ndatopa naye mwanayo. Ndinavutika kwa masabata angapo. Ndinkadziwa kuti Mkhristu sayenera kuopa makoma, komabe ndikatseka maso ndinkaona chipinda chija. Mvula nayo inali ikuyandikira, nthawi ya malungo ndi ya kudzaza kwa mitsinje. Potsiriza ndinabwerera ndekha ku Mpingu, n'kuwauza a Nyagondwe mantha anga onse osabisa, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikuwatsegula bala. Sanakwiye. Anandigwira dzanja, misozi ili m'maso.

"Mwana wanga anthu ankati sadzafika poyamba sukulu," anatero. "Muno wakula mpaka kuvala yunifolomu ya ku sekondale. Nyumbayi sinandilande mwana, amake Takondwa. Inandisungira."

Tinagwada pabalaza pomwepo n'kupemphera, iwo m'Chitumbuka, ine m'Chichewa. Sindinganame kuti mantha anatha, koma ndinadzuka ndikudziwa chochita. Tinagula nyumbayo pamaso pa amfumu a m'deralo ndi mboni, akulu a mpingo anabwera kudzapempherera, ndipo a Nyagondwe ananyamuka ulendo wa kwawo.

Miyezi yoyamba ndinakhala ngati munthu wobisala. Takondwa ankagona ndi ine pa mphasa imodzi, ndipo m'chipinda chija ndinaunjikamo matumba a mtedza n'kutseka. Anthu oyandikana nafe sindinkacheza nawo kupitirira moni. Ndinkaona kuti akamadutsa amamuyang'anitsitsa mwana wanga, ena mpaka kumufunsa ngati wamwa madzi, ndipo ine ndinkati m'mtima akungodikira tsiku la maliro ena pakhomo lomweli. Mwana akatsokomola pang'ono, ine sindinkagona tulo.

Tsiku loopsalo linafika mvula ili pakati, bambo ali kumudzi kuthyola fodya. Unali m'mawa, kunja kukuwaza. Takondwa ankasesa pakhonde, kenaka anakhala pansi n'kunena kuti akuona mdima. Nditamugwira pamimba, mbali ya kumanzere inali itatupa n'kulimba ngati mwala. Milomo inayera ndikuona, mpweya ukutuluka mwaphuma. Ndinayesa kumubereka koma ndinalephera. Ndinatuluka panja n'kuitana, osadziwa kuti ndikuitana yani.

Woyamba kufika anali a Nasimango, mayi wa nyumba yoyandikana nafe amene ankagulitsa tomato pamsewu. Sanafunse zambiri. Anatsitsa chikope cha mwanayo, n'kuyang'ana, n'kuthamanga. Posakhalitsa panafika pikapu ya a Chimwaza, bambo amene ankanyamulira anthu njerwa, ndipo ndinaona kuti njerwazo azikhuthulira m'mbali mwa njira kuti abwere. A Nasimango anamukulunga Takondwa m'bulangete n'kumuika pamiyendo panga kutsogolo. Tikunyamuka, abambo ena a m'mudzimo anadumphira kumbuyo, mvula ikuwanyowetsa. Ine zinandiwawa, poganiza kuti apezerapo ulendo waulere wa kutauni pa tsoka langa. Njira yonse mutu wa mwana unkangogwedezeka pa mkono wanga. Ndinkamuitana dzina, iye osayankha. Pemphero langa linatsala mawu amodzi okha, akuti Yesu, ndipo ndinkangowabwereza.

Kuchipatala anamulandira mwachangu, n'kunena kuti kapamba wakoka magazi ambiri, afunika kuwonjezeredwa ena nthawi yomweyo. Mtima wanga unagwa, poti amene ankapereka magazi nthawi zonse anali bambo ake, ndipo iwo anali kwa Dambe. Nditatembenuka ndinaona abambo a kumbuyo kwa pikapu aja ataima pamzere, madzi akudontha m'malaya, akupinda manja a malayawo. Sanabwerere ulendo waulere ayi. Anali anthu amene kwa zaka zambiri ankapereka magazi chifukwa cha Lusungu, ndipo njira ya ku chipinda choperekera ankaidziwa kuposa ine.

Ndinakhala pansi m'khonde, a Nasimango atandigwira phewa. Chitseko chikatseguka ndinkabisa nkhope, kuopa kuti namwino akubwera ndi uthenga wa imfa. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Chakumadzulo anandiitana kuti ndilowe. Ndinapeza Takondwa atatsegula maso, milomo itayamba kufiira, ndipo anandifunsa ngati ndatseka chitseko cha kunyumba kuti nkhuku zisalowe. Ndinalira mpaka anamwino anandikhazika pampando.

Kenaka ndinatuluka kukathokoza abambo aja. A Chimwaza anangoti, "Wa a Nyagondwe tinamutaya tikuona, zinatipweteka tonse. Titamva kuti kwabwera mwana wina wotere, tinauzana kuti tizikhala tcheru." Apo m'pamene ndinamvetsa maso aja amene ndinkawaopa.

Uthenga tinautumiza kumudzi kudzera kwa woyendetsa minibasi, koma bambo a Takondwa anafika patapita masiku. Mvula yomwe ija inali itakokolola mlatho wa mitengo, ndipo ngolo kapena njinga sizinkawoloka. Iwo anachita kudikira madzi aphwe, n'kuwoloka madziwo akuwafika m'chifuwa. Ataona mwana atakhala tsonga akumwa phala, anatuluka panja kukaima kuseri kwa wodi, ndipo atabwerako anangondiuza kuti tikanakhala kwa Dambe, sabata imeneyo tikanakumba manda. Achimwene a Lingisoni nawo anabwera ndi thumba la mtedza ndi mbuzi, n'kuyenda khomo ndi khomo pa Mpingu, chipewa chili m'manja.

Lero Takondwa ali ku sekondale. Matendawo sanachoke, ndipo nyengo yozizira ikafika timagonabe m'chipatala nthawi zina. Inenso mantha amandibwerera, sindibisa. Koma sindikhalanso nawo ndekha. Ndikamva kuti kwinakwake kuli mayi wa mwana wotere, ndimapita kukakhala naye, ndipo bambo a Takondwa tsopano amapereka magazi ngakhale kwa ana amene sakuwadziwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kulira kwanga. Ndikuthokoza a Nyagondwe, amene ali pachisoni chawo anaona mwana wa mnzawo, ndi anthu a pa Mpingu amene anatikonda ine ndikuwathawa. Pofuna malo ine ndinkayang'ana msewu, mjigo ndi makoma, osadziwa kuti Ambuye anali atakonzeratu anthu, ndipo anawakonza kudzera m'misozi ya mayi wina. Inu amene mukudwazika, inu amene mwaima pa chisankho chimene chikukusowetsani tulo, musaleke kupemphera ngakhale mawu atakutherani. Musadikire kuti mantha ayambe atha kuti munyamuke, pakuti ine ndinanyamuka ndikunjenjemera, ndipo mwana wanga ali moyo. Ambuye akusungeni inu ndi ana anu. Ameni.