Madontho Anga Sanali a M'maso

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ndikufuna ndikuuzeni za manyazi amene anandibweza kwathu kufupi ndi Madisi, maphunziro anga ali pafupi kufa.

Ndinkachita kafukufuku wa fizikisi pa timadontho ta kwantamu, tinthu tosaoneka ndi maso timene timasunga ma elekitironi ngati nkhuku m'khola losatseka bwino. Ndikapima, mafunde ambiri a ma elekitironiwo ankafafanizika, n'kutsala ochepa omwewomwewo. Ine ndinkati makina ndi owonongeka, otsalawo n'kumawataya. Aphunzitsi anga anatopa nane. Anati ndikapanda kubweretsa chomveka, andichotsa.

Kumudzi anali atamva kuti ndimaphunzira za madontho, basi ndinasanduka dokotala. Popita kusukulu, kwaya ya kutchalitchi inandiperekeza ndi nyimbo. Pobwera ndinalowa mozemba. Pa Misa ndinkakhala kumbuyo, nkhope pansi. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndichotseni manyaziwa.

Tsiku lina kunabwera a Nkhoma, gogo woimba ng'oma m'kwaya ija.

"Adokotala, tandidonthezerani m'masomu, ndikuona chimbuuzi."

Ndinalakalaka nthaka itandimeza. "Agogo, ine si dokotala. Ngakhale zimene ndimaphunzirazo zandikanika."

Anaseka. "Ndiye tandiperekezani kuchipatala, mwana wanga."

Tikutsetsereka phiri, amene ankatsogolera anali iwo. Nditafunsa kuti akuidziwa bwanji njira maso ali choncho, anati, "Tinjira tambiri pano timafufutika ndi mvula ndi ng'ombe. Koma iyi, kaya aiponde bwanji, imakhalapobe. Mapazi amaidziwa."

Ndinaima chilili. Zimene ndinkatayazo ndiye zinali yankho. Kadontho kakakhudzana ndi zokazungulira, mafunde ofooka amafa, olimba n'kutsala. Otsalawo amatsata njira zokhazikika, zonga zimene kamwala kangatsate, ndipo m'pamene khalidwe la zinthu zimene timaziona tsiku ndi tsiku limayambira. Ndinalira panjira pomwepo, agogo n'kumandidikira.

Ndinabwerera kusukulu, ndinayambiranso pa zotayidwa zija, ndipo ndinakhoza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu wosaona bwino. Inu amene mwabisala lero chifukwa cha manyazi, musafulumire kutaya zochepa zimene zakutsalirani, limbikanibe kupemphera. A Nkhoma analandira madontho awo enieni kuchipatala. Mpaka pano amanditchabe adokotala, ndipo masiku ano ndimayankha nkhope ili m'mwamba.