Malaya Amene a Mwale Anasita

M'zaka zija za mizere, pamene munthu unkalawirira kukaima pa shopu usanadziwe n'komwe ngati kwabwera sopo kapena mafuta ophikira, ife tinali kale muno m'Chawama, m'nyumba yomwe ino, kungoti chipinda chimene umagona iwecho chinali chisanamangidwe. Taonga, leka kung'ung'udza, khala apa, ndipo mnzakoyo umupatse kampando. Dandaulo lako ndalimva kuyambira pa geti. Wazungulira mashopu onse a salaula, a zovala zovalidwapo kale, m'tauni kufuna bulauzi yoyera yokayambira ntchito Lolemba, wapeza zopachikidwa bwinobwino, zositidwa, koma mtengo wake ngati zatsopano, ndiye wabwerera ku mulu wa pamsika n'kutola yokwinyikayi, nayonso yakudyera ndalama ya basi mpaka mwabwera wapansi. Ine ndikusekatu osati chifukwa ndilibe chisoni, koma chifukwa nkhani ya makwinya yomweyi inatsala pang'ono kuwachotsa amako pasukulu.

Salaula ya masiku amenewo sinali ya m'mashopu a magalasi muli nyimbo ngati leromu, ayi. Inkakhala pansi, pa chipepala cha pulasitiki, ndipo unkawerama mpaka msana kuwawa, kufukula ngati nkhuku padzala, dzanja lina utapanira kale siketi m'khwapa kuti mnzako asakulande. M'mawa mtengo unkakhala wouma, koma dzuwa likapendeka wogulitsa ankafewa, ndipo ife odziwa tinkayamba tanyoza chinthu chimene tachikonda, kunena kuti batani ili lasiyana ndi linzake, kenako n'kumachoka pang'onopang'ono kudikira kuti atiitane. Inu lero mumafunsa mtengo mano ali panja, nanga akutsitsireni bwanji?

Koma panali lamulo limodzi limene aliyense wa m'komboni ankalidziwa popanda womuphunzitsa. Chovala cha salaula chinkayenera kukhala chokwinyika ndiponso chonunkha belo, kafungo kaja ka mankhwala kamene kamayetsemulitsa. Makwinyawo ndiwo anali umboni wakuti chovalacho changotuluka kumene m'belo, chimtolo chija chimene zovala zimabweramo, chachokera kutali, kwa munthu amene sitimudziwa ndipo satidziwa. Chikakhala chochapidwa ndi chositidwa, anthu ankachiyang'ana cham'mbali, chifukwa ankati chavalidwa konkuno, mwina chabedwa pachingwe, mwinanso mwini wake ali kumanda. Wina akanagula bwanji malaya oti mawa mkazi wamasiye awazindikira m'tchalitchi?

Tsono agogo ako aamuna, a Mwale, amene iwe unawapeza atakalamba kale, anali mesenjala pa kampani ina ya boma m'tauni. Malipiro anali ochepa, koma munthuyo ankatuluka m'nyumba muno ngati mwini kampani, malaya oyera, thalauza mzere uli njo. Nsimbi yawo ya makala sankalola kuti ine ndiigwire, ati ndimawotcha kolala. Ine ndinakwatiwa ndi munthu amene ankasita ngakhale kampango kopukutira thukuta, ndipo mwana akawakhalira pamwendo ankayamba akweza thalauza. Tinkawaseka, koma kunena zoona ndinkanyada nawo.

Chakudza sichiyimba ng'oma, ana inu. Makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ndipo tsiku lina a Mwale anabwera dzuwa lili pamutu, anakhala pakhonde osavula nsapato, ine ndinadziwa ndisanafunse kuti ntchito yawathera. Chaka chomwecho amako, Dailesi, anali atakhoza mayeso a giredi seveni, dzina lawo linatuluka pa osankhidwa kupita ku sekondale. Akulu awo a a Mwale ku Katete anatumiza uthenga wakuti bwererani kumudzi, munda ulipo, ndipo mtsikanayo wakula, sukulu yakwana. Inu mukudziwa tanthauzo la mawu akuti mtsikana wakula. A Mwale anandiuza kuti, "Amake Dailesi, kandalama kamene andipatsa kuntchitoka yesani nako geni. Zikakanika mvula isanagwe, tikupita kukalima." Ndiye kusukulu kwa amako konse kunali pa geni imeneyo.

Ndinagwirizana ndi mayi wina wa Chibemba amene anali ndi malo pamsika, bana Chanda, ndipo tinasonkherana kugula belo limodzi la malaya aamuna, losakanikirana ndi mabulauzi pang'ono. Tinadula waya kunyumba kwawo, tinagawana posankha mosinthana, uyu atenge, uyu atenge, ndipo gawo langa ndinalisenza m'thumba mpaka muno. Ndisanamwe ndi madzi omwe, kunabwera uthenga wakuti mwamuna wa msuweni wanga wamwalira ku Matero. Maliro sadikira geni. Ndinakankhira thumba lija pakona, ndinamanga chitenje, n'kupita kukagona kumaliro mpaka kuika.

Tsiku lobwerera, ndili kutali ndinaona pabwalo pathu payera ngati pa chipatala. Zingwe kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa chimbudzi, ndipo pakhonde a Mwale aima pa tebulo, nsimbi m'manja, mulu wa malaya opindidwa bwino uli pambali. Munthu anali atatunga madzi yekha kumpopi pakati pa amayi, anachapa thumba lonse ndi sopo amene ndinamuimira pamzere, ndipo anasita limodzi limodzi. Nkhope yawo inali yowala koyamba chiwachotsereni ntchito. Anati, "Amake Dailesi, taonani. Zinali zonunkha, zokwinyika ngati zatafunidwa ndi ng'ombe. Tsopano anthu akazilimbirana."

Inu mumandidziwa pakamwa panga, sindinayambe lero. Ndinakalipa mpaka aneba anatuluka, ndinati safunsa anadya phula, ndinati munthu wa m'ofesi adziwa chiyani za pamsika, ndinati mwamusitira mwana wanu ulendo wa ku Katete. Iwo anangokhuthula makala m'nsimbi n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinapitabe kumsika, poti mwina mwayi. Bana Chanda atangoona ndikuyala, anagwira pakamwa. Anati, poti iwo kusita amati kuchisa, "Mayo ine! Bamake Dailesi, mwachita chani? Mwachisa salaula? Na imwe mwachoka ku malilo mailo chabe, manje bantu bazakamba chani?" Ndipo sananame, poti kumaliroko ndinali nditachokako dzulo lake lomwe. Anthu ankafika, kugwira kolala ndi zala ziwiri, kununkhiza, n'kubweza. Mayi wina wa kuseri kwathu kuno, amake Joni, analankhula mokweza kuti onse amve, ati, "Aba benze ku malilo ku Matero, babwela na mashati ochisa. Ise sitivala va bakufa." Pofika masana msika wonse unali utamva kuti ndikugulitsa zovala za malemu, ndipo anthu ankalambalala malo anga ngati pali dzenje. Dzuwa linapendeka, ndinatsitsa mtengo mpaka pansi, koma sindinagulitse ngakhale limodzi. Ndinalira m'njira yonse, thumba lili pamutu.

Bana Chanda anandipatsa nzeru pamodzi ndi chisaka chimene chinakutira belo lija, chikadali ndi fungo lake. Anati tiwaze timadzi pa malayawo, tiwafinyire m'chisakamo, timange zolimba, ndipo munthu wolemera akhalepo mpaka makwinya abwerere, kenako tikagulitse ku Kanyama kumene satidziwa. Munthu wolemera m'nyumba muno anali a Mwale. Ndinawauza mosanyengerera, ndipo iwo ananyamula chisaka chija kupita nacho kuseri, n'kukhalapo.

Patapita kanthawi ndinapita kukataya madzi, ndipo ndinawaona iwo asanandione. Anakhala pa chisaka paja atazolika, ndipo mkono umodzi wa malaya unali utatulukira pambali. Munthu wamkulu, dzanja lake linali kusalaza mkono umenewo pabondo, pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa kuti akutero. Ana inu, mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, ndipo ndinawamvera chisoni chimene sindinawamverepo chikwatiranireni. Atandiona anati, "Amake Dailesi, andichotsa ntchito, ndavomera. Mwanditukwana pamaso pa aneba, ndavomeranso. Koma kukwinya malaya ndi matako anga, chimenecho chandikanika." Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira. Ndinangoti, "Nanga mwanayu?" Iwo anati, "Kolezani makala."

Anasitanso onse, ndipo malaya alionse anawakulunga m'nyuzipepala ngati mmene ankachitira m'mashopu a amwenye. M'mawa anavala zawo zija za kuntchito, anatenga chikwama, n'kuuyamba wa m'tauni. Muyenera kudziwa kuti chiwachotsereni, a Mwale anali atalumbira kuti sadzapondanso msewu wa kumaofesi kuja, ndipo akakhala ndi ulendo ankazungulira kutali kuopa kukumana ndi anzawo. Tsiku limenelo anakaima pa geti ya kuseri, pomwe ankatulukira akatumidwa mabanzi ndi fodya, kudikira nthawi ya nkhomaliro, chikwama chili pakati pa miyendo ngati wogulitsa mtedza.

Chimene ine wa pamsika sindinkadziwa n'chakuti akalaliki otsala pantchito aja nawonso zinali zitawathina. Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati, malaya a m'shopu sakanawakwanitsa, makolala awo anali otembenuzidwa kale kwa telala, koma kukawerama pa mulu wa salaula pamaso pa anthu ankachita manyazi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. A Mwale ankawadziwa onse, uyu khosi lake ndi lalikulu, uyu manja ndi aatali, pakuti anawatumikira zaka zambiri. Woyamba kubwera anali bwana wina amene kale ankawaitana ndi belu. Anatsegula nyuzipepala pang'ono, anasuzumira, anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti, "Ba Mwale, musauze muntu ati ni salaula." A Mwale anati, "Bwana, ine nigulisa mashati, sinigulisa nkhani." Bwanayo anatenga awiri, ndipo pobwerera m'kati anatuma mnzake.

Madzulo ine ndinali pa geti, ndipo Dailesi ankanamizira kusesa pabwalo poti anali atamva zonse. Tinawaona akubwera, chikwama chikupepuka m'manja. Sanadzitame, sanandikumbutse mawu anga aja, anangokhala pansi n'kupempha madzi akumwa. Kenako anatulutsa kaphukusi kamodzi kotsala. Ine ndinati kameneka kakanika? Iwo anati, "Aka sikogulitsa." Anamupatsa Dailesi, ndipo m'kati munali bulauzi yoyera ya m'belo lomwe lija, imene anaiika padera tsiku lija ankachapa, ine ndili ku Matero. Ndiye kuti pamene ndinkakalipa kuti amusitira mwana ulendo wa kumudzi, munthuyo anali atamusitira kale ya kusukulu. Amako anakayamba giredi eyiti atavala bulauzi imeneyo, ndipo ku Katete tinatumiza uthenga wakuti munda alime okha.

Kuyambira pamenepo ine ndinkasankha pamsika, iwo ankasita n'kupita nazo kumaofesi, ndipo chipinda chako chija chinamangidwa ndi makolala. Lero ndikaona mashopu a salaula apachika zositidwa n'kukweza mtengo, anthu a magalimoto n'kumalimbirana tsiku lotsegula katundu watsopano popanda manyazi, ndimati a Mwale anangofulumira kubadwa. Koma zimandipwetekanso, chifukwa salaula inali yobisa umphawi wathu, ndipo tsopano olemera alowa pa mulu wathu, osauka atsala ndi zotsalira.

Atamwalira agogo ako, pogawa zovala monga mwa mwambo, abale anachita kukanganirana malaya awo, ndipo amake Joni omwe aja anabwera kuseri kudzandinong'oneza kuti ndiwapatseko amodzi a mwana wawo. Ndinawayang'ana, mawu anafika pakamwa, koma ndinawameza n'kuwapatsa. Chimene ndinakaniza ndi nsimbi yokha, ngakhale akulu awo anaifuna.

Tsono Taonga, usanyoze chovala chifukwa cha makwinya, ndipo ukadzakhala ndi banja usathamangire kukalipira munthu amene walakwitsa pofuna kukuthandiza, uyambe waona chimene dzanja lake likuchita. Magetsi awa sabwera lero, usadzinamize. Lowa kuchipinda kwanga, pansi pa bedi kumutu, uikoke nsimbi ija, ndi yolemera. Mnzakoyo akoleze makala. Bweretsa bulauzi yakoyo kuno ndikugwirire, ndipo uyambire pa kolala, monga ankayambira iwo.