Phula pa Chitsekerero cha Thanki

Boma la Dedza, Lachinayi, mwezi wa Ogasiti, 1913

Ine, Agnesi Nangozo, wa m'mudzi mwa Kaphesi kumtunda kwa Bembeke, zaka zanga sindizidziwa koma a kalaliki andiyang'ana nkhope ndipo akuti alemba makumi atatu, ntchito yanga ndi yotungira madzi injini yocheka matabwa ya mzungu wa kuphiri uja, ndikunena izi:

Timoteyo, amene mwamutsekera muno pa mlandu woti amaba petulo n'kumathiramo madzi, ndi mlongo wanga. Ndiye amayendetsa injiniyo ndi kuithira mafuta. Ndamva kuti Loweruka mumukwapula ndi kumutumiza kundende, n'chifukwa chake ndabwera osaitanidwa.

Injiniyo imakoka lamba, lambayo n'kumazunguza macheka. Pamsana pake pali mphika wachitsulo womwe ndimathiramo madzi kuti isapse, ndipo pamwamba pali thanki ya petulo. Ndimakhala nayo pafupi tsiku lonse, komanso ndili ndi matenda ofunsafunsa. Amayi anga ankati ndidzafera pa "chifukwa chiyani".

Mwezi watha inayamba kudwala. M'mawa inkalira bwinobwino. Akangocheka matabwa angapo mawu ake ankatsika, macheka n'kuyamba kutafuna mtengo m'malo mocheka, kenako kutsokomola, kenako zii. Timoteyo anamasula pulagi, kachitsulo koyatsa moto m'kati, n'kuipala mwaye, osathandiza. Anakungitsa lamba, ananola mano a macheka, anakuntha utuchi polowera mpweya, koma zinali zomwezo. Ine ndinayesa kuipatsa madzi a pachitsime m'malo mwa a mumtsinje, poganiza kuti mwina imasankha ngati mlendo. Anandiseka onse, ndipo sindiwada.

A Anselmo, kapitawo wathu, anati vuto ndi madzi m'petulo. Injini ikazima ankatsegula thanki, kuviikamo kamtengo, kununkhiza, n'kutseka. Akapukusa gudumu inkalira ngati yatsopano. Pamenepo ankati, "Mwaona? Ndawavundula madziwo." Lolemba anamuuza mzungu zomwezo, ndipo masana asilikali anadzamutenga Timoteyo.

Lachiwiri, wakubayo kulibe, injini inazimabe. A Anselmo anati ndi madzi otsala. Koma panali kanthu kena komwe kanandikhala m'khutu. Nthawi iliyonse akamatsegula chitsekerero ndinkamva kamawu, fyuu, ngati munthu amene anamugwira pakamwa angomutaya. Kale, Timoteyo akamatsegula, kamawu kameneko kunalibe. Ndinadzifunsa kuti kodi chikuchiritsa injini ndi kamtengo kaja, kapena ndi kutsegulako?

Lachitatu m'mawa itazima, a Anselmo atapita kuseri, ndinatsegula ndekha. Fyuu. Sindinaviikemo kanthu. Ndinatseka n'kuuza ocheka kuti apukuse gudumu, ndipo inalira. Pomwepo ndinakumbuka chipanda cha kukamwa kwakung'ono: ukachizondotsa, madzi amakana kutuluka mpaka mpweya ulowe.

Itazimanso ndinachitembenuza chitsekererocho n'kuchiyang'anitsitsa. Pakati pake pali kabowo kongolowa kaudzu kamodzi. Kanali komatidwa ndi phula la njuchi, mwaluso ndithu, munthu anachita kusalaza ndi chala.

Ndinawafunsa a Anselmo tili awiri. Mawu awo ndikuwakumbuka bwino: "Ndinamata ndine, Nangozo, mwezi watha. Pamenepa m'pamene akuba amalowetsa udzu n'kumayamwa. Inu kazitungani madzi." Ananena monyadira, ndipo sindikhulupirira kuti panthawiyo ankadziwa chomwe anachita.

Atatembenuka ndinathyola munga wa mthethe n'kukolowola phulalo. Injini inacheka mkungudza mpaka dzuwa kupendeka, osatsokomola ngakhale kamodzi. Ndinakondwa kwambiri, ndinachita kuvina mtsuko uli pamutu.

Madzulo mzungu anabwera, n'kuima, n'kumvetsera. A Anselmo anavula chipewa n'kunena m'Chichewa kuti tonse timve, "Wakuba wachoka, madzi atha, makina achira." Ndinati si choncho, ndi phula. Chizungu sindichidziwa, ndipo womasulira pamalopo ndi a Anselmo omwewo. Zomwe anamasulira sindizidziwa, koma mzungu anaseka n'kulamula kuti andipatse mchere wodzaza dzanja. Potsika phiri ndinawafunsanso za phula lija. Anati, "Phula lanji, mayi?" Sanandiyang'ane kumaso.

Ndiye kuti ndinachiritsa injini n'kumangitsa mlongo wanga. Ndikadalisiya phulalo, bwenzi ikuzimabe mpaka lero, aliyense akuona yekha kuti vuto si Timoteyo. Zimenezi zikundiwawa, ndipo a kalaliki lembani momwemo.

A Anselmo sindinawaonepo akuba, ndipo sindikunena kuti anafuna kupha makina. Timoteyo sindinamuonenso akutenga petulo. Kunyumba kwake amaunikira ndi chikuni, petuloyo akadapita naye kuti?

Sindikukupemphani kuti mungokhulupirira mkazi wotunga madzi. Phulalo ndi ili, ndalikulunga m'tsamba. Kuchokera pano kukafika kumacheka ndi ulendo woti munthu wonyamuka m'mawa amakafika dzuwa lisanafike paliwombo. Tumizani msilikali Loweruka lisanakwane, akamate yekha pa kabowo, achekedwe matabwa angapo, ndipo potsegula aike khutu pafupi. Ikapanda kuzima, mundikwapule ine pamodzi ndi Timoteyo. Ikazima, naye mumutsegulire apume.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera ndipo ndavomera.

Chala cha Agnesi Nangozo: ______________

Wolemba: Stefano Kachingwe, kalaliki: ______________